Mcere, khosi ndi ubongo wa mwana: mbiri ya cithokomiro kwathu kum'mawa

Kwa Acewa akale mcere sunali cinthu cogwira mwacisawawa. Mkazi akakhala kumwezi sanali kuthira mcere m'ndiwo. Anali kuitana kamwana kuti kathire, iye n'kungovundula. Mwamuna akazembera kwina mkazi wake ali ndi pakati, kapena makolo a khanda akafulumira mwana asanatengedwe kumphasa, akuluakulu anali kuopa mdulo, umene ena amati tsempho: kutupa miyendo ndi nkhope, cifuwa cosamva mankhwala, kuonda, mwinanso maliro. Tsokali kawirikawiri linali kulowera mumphika, kudzera pa dzanja lothira mcere. Max Marwick, mzungu amene anakhala m'midzi ya Mfumu Kawaza ku Katete maulendo angapo pakati pa 1946 ndi 1953, anapeza miyambo imeneyi ikali yamoyo, ndipo buku lake la mu 1965 lonena za ufiti pakati pa Acewa limaonetsa anthu amene matenda aakulu ambiri anali kuwafunira mwini wake. Munthu sangodwala cabe. Pali amene wadula, pali amene walodza, kapena pali mzimu umene waiwalika.

Tsono kum'mawa konkuno kunali matenda ena ooneka ndi maso, okhala pakhosi penipeni, amene mcere unalidi ndi mbali yake ngakhale panalibe wophwanya mwambo. Mcerewo, madzi ndi nthaka yomwe zinali kusowa kanthu kamodzi kakang'ono. Kuti anthu azindikire zimenezi ndi kupeza yankho panapita zaka zoposa 100, ndipo kuti yankholo lifike pa msika wa Katete panapitanso zina 70.

Pansi pa kholingo, kutsogolo kwa njira ya mpweya, munthu aliyense ali ndi kanyama kooneka ngati nyemba ziwiri zazikulu zogwirana pakati, kolemera magalamu pafupifupi 20. Ndico cithokomiro. Ambiri tikamva liwuli timaganiza za cotupa ca agogo ena a kumudzi, koma cotupaco ndi cithokomiro cimene cakula mopitirira, cabwinobwino sicioneka. Nchito yake ndi kupanga mahomoni. Homoni ndi uthenga umene ciwalo cimodzi cimathira m'magazi kuti ziwalo zakutali zimve ndi kucitapo kanthu. Liwuli analiyambitsa Ernest Starling ku London mu 1905, kulitenga ku Cigiriki, kumene limatanthauza kudzutsa kapena kufulumiza. Mahomoni aakulu a cithokomiro ndi awiri, T4 ndi T3, ndipo manambalawo akuwerenga timibulu ta ayodini timene tili pa homoni iliyonse. Popanda ayodini palibe T4, palibe T3. Mahomoniwa ndiwo amauza thupi liwiro loyendera: mmene mtima ugundire, mmene cakudya cisandukire mphamvu ndi kutentha, mmene matumbo ayendere, ndipo kwa mwana, mmene mafupa ndi ubongo zikulire.

Cithokomiro sicidzilamulira cokha. Pansi pa ubongo pali kanyama kena kocepa ngati njere ya nshawa, kotchedwa pituitary, kamene kamalawa magazi nthawi zonse. Kakaona kuti T4 yacepa kamatulutsa homoni yake, TSH, yolamula cithokomiro kuti cigwire nchito. T4 ikakwanira kamacepetsa mawu. Amene munaimapo pa siteshoni ya mabasi mukuzidziwa kale zimenezi. Basi ikakhala yopanda anthu, ng'wang'wazi amafuula mpaka mawu kusasa. Ikadzaza amamenya citseko n'kukhala phee. Mukamva kufuula kwambiri, dziwani kuti mipando ilibe anthu. Inu amene mukuphunzira unamwino kapena udokotala, gwirani cithunzi cimeneci, cifukwa pa mayeso ambiri amagwera apa: TSH yokwera kawirikawiri imatanthauza cithokomiro cofooka, ndipo TSH yotsikitsitsa imatanthauza cithokomiro cothamanga.

Ayodini akasowa m'cakudya, TSH imafuula usana ndi usiku, ndipo TSH sikuti imangolamula nchito, imakulitsanso cithokomiro. Zili ngati mwini cigayo amene ufa sukutuluka cifukwa kulibe cimanga, koma iye posamvetsa akungowonjezera makina ndi kukuza nyumba. Poyamba khosi limangooneka lodzaza, pambuyo pake mumamera mibulu yolimba, ndipo mwa ena cotupa cimafika popanikiza njira ya mpweya, munthu akagona cagada n'kumabanika. Akazi ndiwo amavutika kwambiri, makamaka pa unamwali ndi pa mimba, pamene thupi limafuna mahomoniwa koposa. Munthu wamkulu amafunika mamaikulogalamu 150 a ayodini pa tsiku, mayi wapakati 250. Maikulogalamu imodzi ndi galamu yogawidwa ka 1,000,000. Mukaphatikiza ayodini yense wa zaka 70 za moyo, sadzaza ndi kasupuni ka tiyi komwe.

Pa nkhani ya mdulo makolo anali kugawa anthu pawiri, otentha ndi ozizira. Matenda a cithokomiro nawonso ali pawiri motero, ngakhale kuti tanthauzo lake ndi lina kotheratu. Mahomoni akacepa munthu amazizidwa ngakhale mu Okutobala, amatopa, amanenepa osadya kwambiri, khungu limauma, amadzimbidwa, nkhope imatupa, maganizo amayenda ngati ngolo ya ng'ombe. Akaculuka munthu amatuluka thukuta mu Juni, mtima umathamanga, manja amanjenjemera, tulo sitibwera, amadya ngati wocokera kumunda koma n'kumaonda. M'zaka za m'ma 1990, pamene kuonda kulikonse m'komboni kunali ndi dzina limodzi lokha, wodwala wotere anali kuweruzidwa ndi maso a aneba asanafike n'kucipatala komwe.

Ayodini wambiri wa padziko ali m'nyanja zamcere. Katete, Sinda ndi Vubwi zili pamtunda, mamita pafupifupi 1,000 pamwamba pa nyanja, kutali kwambiri ndi gombe la Mozambique, pa nthaka yakale imene mvula yaitsuka kwa zaka zosawerengeka, kukokolera ayodini ku Luangwa ndi ku Zambezi. Cimanga comera pa nthaka yotere cimakhala cosauka ayodini, nshawa cimodzimodzi, cibwabwa cimodzimodzi, ndi mbuzi yomwe yodya udzu wa pamenepo. Banja likhoza kukhala ndi nkhokwe zodzaza ndi ana okhuta, vuto lili pomwepo, ndipo mudzi umene umadya zolima wokha ndiwo uli pangozi kuposa a m'tauni odya zocokera kutali. Kapenta ndi wa m'madzi opanda mcere, sangafanane ndi nsomba za ku Beira. Kumadera kumene nsima ndi ya cinangwa kuli vuto lina pamwamba: cinangwa cosaviikidwa bwino cimasiya m'thupi mankhwala otchinga ayodini kulowa m'cithokomiro, monga mmene ofufuza a ku Belgium anaonetsera pa cisumbu ca Idjwi m'nyanja ya Kivu ku Congo. Ife a cimanga tinapulumuka ku cimeneco cokha.

Mcere wa makolo unali wovuta kupeza. Ena anali kuotcha udzu wa m'madambo, kuthira madzi paphulusa mumphika woboola pansi, monga mmene amayi acitira cidulo, kenaka n'kuphitsa madziwo mpaka atauma. Ena anali kupala dothi lamcere. Malo otchuka ndi mcere m'dziko lino ali kutali ndi ife: Kaputa, Chibwa kufupi ndi Mpika, Kaimbwe ku Kasempa. Azungu atafika, mcere unasanduka ndalama. Amishoni anali kugulira mazira ndi nkhuni, ndipo m'mafamu a fodya ozungulira Fort Jameson wanchito anali kulandira ufa ndi kamcere ngati phoso. Koma mcere wonsewu, ngakhale wocokera kunyanja, unalibe ayodini wokwanira. Ambiri amadabwa pamenepa. Madzi a m'nyanja akauma padzuwa, mcere wotsalawo umakhala ndi ayodini wocepa zedi. Ayodini amaunjikana m'ndere za m'nyanja ndi m'nsomba. David Livingstone, ataoloka Luangwa kumapeto kwa 1866, anafika kufupi ndi nyanja ya Mweru caka cotsatira ndipo analemba kuti anaona anthu ambiri otupa makosi, m'cigawo comweco cimene cimatchuka ndi mcere.

Matendawa sanali a Afirika okha. M'mapiri a Switzerland munali midzi imene khosi losalala ndilo linali lacilendo, ndipo ku England cotupaci anali kucitcha ndi dzina la dera la Derbyshire. Ayodini anatulukiridwa mwangozi, pa nchito ya nkhondo. Mu 1811 Bernard Courtois wa ku France anali kupanga zopangira wonga wa asilikali a Napoleon pogwiritsa nchito phulusa la ndere za m'nyanja. Tsiku lina anathira asidi wambiri, ndipo m'ciwiya munatuluka utsi wapepo. Mu 1820 dokotala wa ku Geneva, Jean-François Coindet, podziwa kuti kuyambira kale anthu anali kucepetsa zotupa za pakhosi ndi phulusa la zomera za m'nyanja, anayesa kupatsa odwala madontho a ayodini. Makosi anaphwa. Mbiri itamveka, anthu anayamba kumwa madonthowo ngati thobwa, ena mtima n'kuyamba kuthamanga, kuonda, kunjenjemera. Ayodini anatenga mbiri ya poizoni, ndipo pamene Adolphe Chatin anapima madzi ndi zakudya m'zaka za m'ma 1850 n'kunena kuti midzi ya zotupa ndiyo yosauka ayodini, akatswiri anzake a ku Paris sanamumvere.

Cimene cinatsegula anthu maso ndi mpeni. Theodor Kocher wa ku Bern anali katswiri wocotsa zithokomiro, pa nthawi imene opaleshoni yotere inali kupha ambiri cifukwa ca kutaya magazi. Mu 1874 anacotsa cithokomiro conse ca mtsikana wa zaka 11. Bala linapola bwino. Patapita zaka anamva kuti mtsikana uja anasiya kukula, anasanduka waulesi ndi wozerezeka, pamene mng'ono wake anamupitirira msinkhu. Kocher anaitana odwala ake akale. Mwa 18 amene anabwera atacotsedwa cithokomiro conse, 16 anali ndi zizindikiro zomwezo. Anaziulula poyera mu 1883, ndipo kuyambira pamenepo anali kusiya kacigawo. Mu 1891 George Murray wa ku Newcastle anabaya mayi wina wa zaka 46 madzi ofinyidwa m'cithokomiro ca nkhosa. Mayiyo, amene thupi lake linali litazizira ndi kutupa, anatsitsimuka ndipo anakhalanso moyo zaka 28. Mu 1896 Eugen Baumann anapeza kuti cithokomiro ndi codzaza ayodini, ndipo pa Khirisimasi ya 1914 Edward Kendall ku America anapatula homoni yeniyeniyo. Kuti apeze magalamu 33 anagwiritsa nchito matani pafupifupi 3 a zithokomiro za nkhumba.

Umboni womaliza unacokera m'sukulu, ndipo monga mphunzitsi ndimanyadirako. Kuyambira 1917 David Marine anapatsa ayodini atsikana a sukulu za mu mzinda wa Akron ku Ohio. Mwa atsikana 2,190 amene analandira, 5 okha ndiwo anatupa makosi. Mwa 2,305 amene sanalandire, anatupa 495. Mu 1922 Switzerland inayamba kugulitsa mcere wothira ayodini, ndipo mu 1924 mcere wotere unafika m'masitolo a ku Michigan.

Caka comweco ca 1924 ndi cimene Northern Rhodesia inacoka m'manja mwa kampani ya British South Africa n'kulowa m'manja mwa boma la Britain. Yankho linali litadziwika, lotsika mtengo kuposa mankhwala ena alionse. Koma kum'mawa kuno boma linali ndi zina m'mutu: msonkho, anchito a m'mafamu ndi m'migodi, ndiponso malo. Kampani ya North Charterland inali ndi nthaka yaikulu ya cigawo cino, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 Acewa, Angoni ndi Ansenga anapanikizidwa m'marizevu, mmene nthaka inaguga msanga. Za thanzi la anthu akumidzi anasiyira amishoni. A Dutch Reformed anali atatsegula mishoni ya Nyanje mu 1905, m'dera limene lero ndi boma la Sinda. Mu 1948 wansembe wa Anglican amenenso anali dokotala, Francis Trefusis, anayambitsa cipatala ca St Francis ku Katete, ndipo Dr James Cairns anatumikira kumeneko kuyambira 1958 kwa zaka zoposa 30. Zipatala zotere zinacita zazikulu, koma cipatala cimaona khosi limodzi pa nthawi, ndipo cimaliona litakula kale. Mcere wa dziko lonse ndi nchito ya boma. Boma lacitsamunda linacoka mu 1964 lisanaigwire.

Cotupa cikanakhala vuto lokhalo, mwina nkhani ino ikanakhala ya maonekedwe cabe. Coopsa ceniceni cili m'mimba. M'miyezi itatu yoyamba mwana alibe cithokomiro cogwira nchito. Ubongo wake umakula ndi T4 ya mayi ake. Mayi akasowa ayodini kwambiri, mimba ikhoza kucoka, mwana akhoza kubadwa wakufa, kapena kubadwa wamoyo koma wosamva, wosalankhula, wamfupi, wa miyendo youma ndi nzeru zosakula. Zimenezi zikacitika sizibwerera, ngakhale mutamudyetsa ayodini wa thumba lonse atabadwa. Izi zinatsimikizika m'mapiri a Papua New Guinea, kumene kuyambira 1966 madokotala anabaya amayi ena mafuta a ayodini, ndipo mu 1971 analengeza kuti amene anabayidwa asanatenge mimba sanabereke ana olumala motere. Mmodzi wa madokotalawo, Basil Hetzel wa ku Australia, anakamba mu 1983 kuti dziko lisiye kuwerenga makosi okha, cifukwa pa mwana mmodzi wolumala moonekera pali ambiri amene ataya kacigawo ka nzeru popanda woona. Ofufuza poyerekeza midzi yosowa ayodini kwambiri ndi ina yofanana nayo anapeza kusiyana kwa mapointi oposa 10 pa mayeso opima nzeru.

Ganizirani kalasi la Giredi 4 ku Kawaza kapena ku Nyanje m'zaka za m'ma 1970. Mwana sakugwira samu, akubwereza kalasi kaciwiri. Aphunzitsi a nthawi imeneyo anali ndi ndodo, makolo anali ndi mayina awo omutcha, ndipo agogo anali kukaikira mlamu wina wa mtima woipa. Si ana onse otere amene vuto lawo linali ayodini; njala, malungo ndi mtunda wopita kusukulu zinali pomwepo. Koma pa zonsezi, ici ndico cinali cosavuta kuthetsa, ndipo ndico cinacedwa.

Zambia itadzilamulira inakhazikitsa National Food and Nutrition Commission mu 1967, ndipo kafukufuku wa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anapeza kuti cithokomiro cotupa cinali cofala m'dziko. Mu 1978 panakhala lamulo lakuti mcere wodya uzikhala ndi ayodini. Lamulolo linagona m'mafaelo, ndipo amene anakula nthawi imeneyo sangadabwe. Mtengo wa kopa unali utagwa mu 1975, malire a Rhodesia anali otseka kuyambira 1973, ndipo anthu anali kuima pa mizere m'masitolo a boma kudikira sopo, saladi ndi mcere womwewo. Munthu amene waima kuyambira m'mamawa safunsa ngati mcere uli ndi ayodini.

Zinthu zinasuntha pambuyo pa msonkhano wa atsogoleri a maiko wokamba za ana ku New York mu Sepitembala 1990, kumene analonjeza kuthetsa vutoli pofika 2000. Kafukufuku wa mu 1993 pakati pa ana a sukulu m'Zambia anapeza kuti pafupifupi mwana 1 pa ana 3 alionse anali ndi cithokomiro cotupa, ndipo pafupifupi 7 pa 10 anali ndi ayodini wocepa m'mikodzo. Mu 1994 lamulo linalimbitsidwa, ndipo ulendo uno linatsatiridwa. Apa kusowa nyanja kunatithandiza. Mcere wambiri wa m'Zambia umacokera kunja, ku Sua Pan ku Botswana, kumene fakitale inayamba mu 1991, ndi ku Walvis Bay ku Namibia. Makampani aakulu owerengeka ndi osavuta kuwauza zocita, ndipo magalimoto odzera pa Kazungula ndi pa Katima Mulilo ndi osavuta kuwaimitsa ndi kupima. Pofika 2002 ana osowa ayodini anali asakufika ngakhale 1 pa 10. Palibe cipilala ca zimenezi pamphambano iliyonse, ndipo sindinaonepo funso lake pa mayeso a mbiri yakale, koma m'zaka 9 zokha dziko linasintha tsogolo la ana ambiri kuposa mmene misonkhano yambiri ya ndale inacitira.

Sizinayende zonse mosalala. Ku Zimbabwe, mcere wa ayodini utafala, madokotala a ku Harare analengeza mu 1995 kuti odwala cithokomiro cothamanga awonjezeka pafupifupi katatu, makamaka acikulire amene anali ndi zotupa zakale za mibulu, ndipo ena anamwalira ndi mtima. Bwererani ku cigayo cija. Kwa zaka 40 mwini wake wakhala akuwonjezera makina, ndipo ena mwa makinawo anasiya kumvera switchi. Tsiku lina lole yodzaza cimanga yafika. Makina onse ayamba kugaya nthawi imodzi, ndipo palibe wowazimitsa. Ndi zomwe Coindet anaona ku Geneva zaka 175 m'mbuyomo. Mcere wina wa nthawi imeneyo unali wothiridwa ayodini mopitirira, conco mu 1996 bungwe la WHO ndi anzake anatsitsa muyezo kufika pa mamiligalamu 20 mpaka 40 pa kilogalamu ya mcere, ndipo Zambia nayo pambuyo pake inatsitsa wake. Pa mahomoni, kuculuka kumadwalitsa ngati kucepa komwe.

Pamene zonsezi zinali kucitika, Sinda ndi Vubwi sanali maboma. Anakhazikitsidwa mu 2012, nthawi ya Pulezidenti Michael Sata: Sinda kucokera ku zigawo za Katete ndi Petauke, Vubwi kucokera ku Chadiza. Onse atatu, pamodzi ndi Katete, ali m'malire a Mozambique, ndipo Vubwi amagundanso Malawi. Amene anapitapo ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti, n'kuona Acewa a maiko atatu akugwada pamaso pa Kalonga Gawa Undi, akudziwa kuti malire amenewa ndi a papepala. Katundu wina amadzera pa cipata ca Chanida, wina amadzera m'tinjira pa njinga ndi pa njinga zamoto. Ku Mozambique mcere umapangidwa ndi anthu ambirimbiri a mabizinesi ang'onoang'ono m'mbali mwa nyanja, ndipo nchito yothira ayodini yakhala yovuta kumeneko kuposa kwathu. Lamulo limene limagwira lole pa Kazungula silingagwire thumba lililonse la pa keliyala.

Ndiponso mcere wabwino ukhoza kuonongeka m'manja mwathu momwe. Ayodini amawazidwa kunja kwa mibulu ya mcere, conco mayi akatsuka mcere wamibulu asanausinje, amatsanulira ayodini pansi pamodzi ndi fumbi. Mcere woyezera pa kapu, wokhala padzuwa ndi pacinyezi pa msika kwa milungu, umataya mphamvu pang'onopang'ono. Mcere wa ng'ombe, umene nthawi zina umatsika mtengo, sunapangidwire mphika. Kabotolo kotseka, kutali ndi mbaula, n'kokwanira. Ndipo izi sizikutanthauza kudya mcere wambiri. BP ikupha anthu m'makomboni, ndipo WHO imati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi. Muyezo wa ayodini ndiwo uyenera kusinthidwa ndi boma kuti ukwanire mu mcere wocepawo.

Zotupa sizinatheretu. Cithokomiro cakale ca mibulu siciphwa ndi mcere, ndipo agogo ambiri adzapita naco kumanda pokhapokha cikacotsedwa ndi opaleshoni. Palinso matenda amene alibe nazo nchito za nthaka. Mu matenda amene Robert Graves wa ku Dublin anafotokoza mu 1835, asilikali a thupi amapanga cinthu cotsanzira TSH, ngati ng'wang'wazi wabodza amene safuna kudziwa ngati basi yadzaza. Cithokomiro cimathamanga, ndipo mwa ena maso amatong'oka. Mu matenda amene Hakaru Hashimoto wa ku Japan anafotokoza mu 1912, asilikali omwewo amaononga cithokomiro pang'onopang'ono mpaka cifooke. Oyambawo amacepetsedwa ndi mapilisi monga carbimazole, ena ndi opaleshoni; aciwiriwo amafuna kapilisi ka levothyroxine m'mawa uliwonse kwa moyo wonse, ndipo munthu amakhala bwinobwino, amabereka, amagwira nchito. Kutema mphini pa cotupa sikufika pamene pali vuto. Mbulu umodzi wolimba umene ukukula msanga, makamaka mawu akayamba kusasa, ufunika kuonedwa ndi dokotala mosacedwa cifukwa nthawi zina ndi khansa. Inu amene tsiku lina mudzaima m'thiyeta ya ku St Francis, kumbukirani kuti kuseri kwa cithokomiro kumadutsa mitsempha ya mawu, ndipo kuli tinyama tina 4 tocepa ngati njere za mpunga timene timalamulira kashiamu m'magazi. Tikacotsedwa mwangozi, pakapita nthawi zala za wodwala zimapindika ndipo milomo imacita dzanzi.

Kupima mcere wa pa msika sikufuna labotale. Oyang'anira zaumoyo amayenda ndi kabotolo kakang'ono ka madzi okhala ndi sitaci. Amathira dontho limodzi kapena awiri pa mcere woyalidwa pa mbale yoyera. Ngati muli ayodini, pamene pagwera donthopo pamasanduka pabuluu wakuda, mtundu womwe uja munaona mu Giredi 10 pamene munathira ayodini pa tsamba lophitsidwa. Ngati mulibe, mcere umangonyowa n'kukhalabe woyera.